Anandiveka crown masabata 7 apitawo, koma dzino likubayabe ndikamwa madzi ozizira

"Adokotala, ndine mayi wa zaka 43, ndimakhala ku Lilongwe. Dzino langa lotafunira lam'munsi kumanzere linamatidwa kalekale, kenako linabenthuka mbali imodzi. Ku chipatala cha mano anati n'losafunika kuzula, analisema n'kuliveka crown yoyera. Tsopano patha masabata 7. Ndikamwa madzi a mufiriji limabaya mpaka ndimatsinzina, koma sizichedwa kusiya. Tiyi salivuta kwenikweni. Nsima ndimadya bwinobwino, koma ndikaluma mtedza kapena nyama mbali imeneyo ndimamva ngati dzinolo latalika kuposa anzake. Nditabwererako patatha sabata imodzi anangoti ndidikire, lizolowera. Ndidikire mpaka liti? Mnzanga akuti mapeto ake ndi root canal, kutanthauza kuchotsa mtsempha wa dzino. Ndalama zinapita zambiri, ndiye ndikuopa kuti mwina ndangowonongetsa dzino."

Mayi, khazikani mtima pansi. Pa zonse mwalembazi palibe chimene chikusonyeza kuti dzino lanu lawonongeka kapena kuti ndalama zanu zalowa m'madzi. Dzino lamoyo likasemedwa n'kuvekedwa crown, kachipewa kolimba kophimba dzino lonse, kumva kuzizira kwa masiku kapena masabata angapo n'kofala kwambiri. Komabe sindikuuzani kuti muzingodikira, chifukwa m'kalata yanu muli madandaulo awiri osiyana. Kubaya kobwera ndi madzi ozizira nthawi zambiri kumazirala kokha. Kumva kuti dzino latalika kuposa anzake ndi nkhani ina. Kumeneko kumafuna dzanja la dokotala, ndipo n'kutheka kuti ndiko kukuchedwetsa kutha kwa vuto loyambalo.

Kunja kwa dzino kuli chigoba cholimba chotchedwa enamel, chimene sichimva kanthu. Pansi pake pali dentini, ndipo pakati penipeni pali kanyama kofewa kokhala ndi magazi ndi mitsempha, kamene ambiri timangoti mtsempha wa dzino. Kuti crown ikhale bwino osatukumuka m'kamwa, dokotala amasema dzino kuzungulira konse, kuchotsa milimita 1 mpaka 2 malinga ndi mtundu wa crown. Yachitsulo chokhachokha imafuna kusema pang'ono, yachitsulo chokutidwa ndi porcelain, dongo loyera lowotcha looneka ngati dzino, imafuna kwambiri. Enamel ndi yopyapyala, makamaka cha kunkhama, choncho akamamaliza kusema pafupifupi yonse imakhala itapita, dentini yatsala poyera.

Dentiniyo ili ndi timachubu tosaoneka ndi maso, todzaza madzi, toyambira kunja kukafika ku mtsempha. Pa kamalo ka milimita imodzi mulitali ndi mulifupi pamakhala timachubu pafupifupi 20,000 kufupi ndi enamel, ndipo poyandikira mtsempha timafika cha m'ma 45,000, komanso timakhala totakasuka. Chinthu chozizira chikakhudza dzino, madzi a m'timachubuti amasuntha mwadzidzidzi n'kudzidzimutsa mitsempha, ndiye kubaya mukumvako. Anazifotokoza bwino zimenezi ndi dokotala wa mano wa ku Sweden, Martin Brännström, m'zaka za m'ma 1960, ndipo mpaka lero ndi mmene timalimvetsera vutoli. Kuzizira kumasuntha madziwo mwachangu kuposa kutentha, n'chifukwa chake madzi a mufiriji akukuvutani pamene tiyi sakukuvutani. Mphepo ya m'mawa mu June, zotsekemera ndi zowawasa zimachitanso chimodzimodzi.

Komanso mtsemphawo umakhala utasautsidwa. Makina osemera amatenthetsa dzino ngakhale akuthira madzi, kenako dzinolo amaliumitsa ndi mpweya. Crown yongoyembekezera imene mumavala podikira yeniyeni sitseka bwino. Simenti zina zomatira crown, monga zinc phosphate ndi glass ionomer, zimakhala ndi asidi m'maola oyamba zisanalimbe. Ndipo dzino lanu silinafike pa mpandopo lili langwiro: linabowoka, linamatidwa, linabenthuka, ndipo chilichonse mwa izi chinasiya chipsera pa mtsempha. Dzino lotero limachedwa kukhazikika kusiyana ndi lomwe silinavutikepo. Ambiri zimawathera pa masabata 2 mpaka 6, ena zimafika miyezi 2 kapena 3, nthawi imene mtsempha ukumanga dentini yatsopano mkati kuti udzitchinjirize. Choncho masabata 7 paokha sakundiopsa. Chimene ndikufuna kudziwa ndi kumene zinthu zikulowera. Kodi lero likubaya mocheperapo kusiyana ndi sabata yachiwiri, chimodzimodzi, kapena mowonjezera?

Mutha kuyesa nokha kunyumba. Ikani foni patebulo ikuonetsa masekondi. Imwani madzi ozizira pang'ono, muwasunge mbali ya dzinolo mpaka limve, kenako lavulani n'kuyamba kuwerenga. Kubaya kukasiya pa masekondi ochepa, 2, 5, mwina kufika 10, mtsempha wangokwiya ndipo ungathe kuchira. Kukapitirira masekondi 30 n'kusanduka ululu wolemera umene ukutsalira kwa mphindi zingapo, mtsempha watupa kufika poti mwina subwereranso mwakale. Yesani kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse, chifukwa kulitokosa pafupipafupi kumangolikwiyitsa. Muzilemba tsiku ndi masekondi pa kapepala. Kapepala kameneko kamauza dokotala zambiri kuposa mawu oti "limawawa nthawi zina".

Inu mwati sizichedwa kusiya, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chabwino. Zikapita patali sizibisika. Dzino limayamba kuwawa lokha popanda chimene mwadya. Limakudzutsani usiku, kapena limayamba kugunda mukangogona. Tiyi ndi phala lotentha zimayamba kuwawitsa kuposa zozizira, moti ena amafika ku chipatala atanyamula botolo la madzi ozizira, n'kumamwa pang'onopang'ono kuti apezeko mpumulo. Ululu umayenderera kukhutu, m'nsagwada kapena m'mutu, mpaka munthu kulephera kuloza dzino lenileni. Chala chikatupa chimakhala ndi malo ofufumira, koma mtsempha wa dzino uli m'kachipinda kolimba mbali zonse, ndipo magazi amalowera pa timabowo ting'onoting'ono ta kunsonga ya mizu. Ukatupa kwambiri suchira wokha, ndipo palibe mankhwala otsukira mano amene angauthandize.

Tsopano nkhani ya kutalika ija, imene ndikuikayikira kwambiri pa inu. Dzino silinamatirire ku fupa. Pakati pa muzu ndi fupa pali timinyewa topyapyala, pafupifupi milimita 0.2, timene timagwira dzino ndi kuuza ubongo mphamvu imene mukulumira. Timamva tinthu tating'ono zedi, n'chifukwa chake kamchenga kamodzi m'bonongwe mumakamva nthawi yomweyo. Crown ikangotalika pang'ono, ngakhale mosafika kunenepa kwa tsitsi limodzi, imagunda dzino lam'mwamba anzake asanakumane. Anthu akasenza mtengo umodzi paphewa, wamtali kuposa onse ndiye amalemedwa, ndipo ndi zimene zimachitikira dzino lotero mukamatafuna, mukameza malovu, ngakhale usiku muli mtulo. Timinyewa tija timatupa, dzino limawawa mukaluma cholimba, ndipo mtsempha wam'kati nawo umayamba kumva kuzizira mopitirira.

Zimenezi zimachitika kawirikawiri, ngakhale kwa dokotala wosamala. Pa tsiku lomata crown munthu amakhala atabayidwa jakisoni wa dzanzi, wagona chagada, nsagwada zatopa ndi kuyasama. Akauzidwa kuti "lumani" saluma mmene amalumira kunyumba. Pokonza, dokotala amaika kapepala kopyapyala kabuluu kapena kofiira pakati pa mano, inu n'kuluma, kugogoda, ndi kusuntha nsagwada kumanja, kumanzere ndi kutsogolo. Pamene crown yatalika pamatsala kadontho ka utoto wambiri, nthawi zina koyera pakati, utoto uli mozungulira. Amapala pamenepo pang'ono kenako n'kusalaza. Ndi ntchito ya mphindi 10 kapena 15, ndipo jakisoni safunika, ndipotu ndi bwino kusabaya kuti muzimva bwino mmene mano akukumanirana. Pemphani ayesenso mutakhala tsonga, komanso ayese mukusuntha nsagwada, osati pongoluma molunjika, chifukwa kugundana kwa m'mbali ndiko kumaphonyedwa kawirikawiri. Crown ikakhala ya zirconia (mtundu wina woyera, wolimba kwambiri) kapena porcelain, kusalaza komalizako n'kofunika, chifukwa ikasiyidwa yokhakhala imadya dzino lam'mwamba pang'onopang'ono. Akakonza, kuwawa poluma kumayamba kuchepa pa masiku ochepa, koma timinyewa totupato tingatenge sabata imodzi kapena awiri kuti tikhazikike. Nthawi zina pamafunika kupalanso kachiwiri.

Mawu oti "lizolowera" anali oyenera pa sabata yoyamba, chifukwa crown yatsopano imamveka yachilendo kwa aliyense. Pa sabata ya 7 sakugwiranso ntchito. Crown siperepeseka yokha kuti ifanane ndi anzake, makamaka ya zirconia imene ndi yolimba kuposa enamel. Amene amazolowera ndi munthu, amayamba kutafunira mbali inayo osadziwa, mapeto ake nsagwada nazo n'kuyamba kuwawa. Bwererani sabata ino, ndipo musachite manyazi, kukonza kalumidwe ndi mbali ya ntchito imene munalipira kale.

Pali vuto lina lofanana ndi limeneli koma lovutirapo, ndilo mng'alu, ndipo popeza dzino lanu linabenthukapo tiyenera kuuganizira. Mvetserani bwino nthawi imene limabaya. Dzino lotalika limawawa mukamapanikiza. Long'aluka kawirikawiri limabaya pomasula, mukangosiya kuluma, ndipo limatero mukaluma pa malo amodzi okha ndi zinthu monga mtedza kapena chimanga chokazinga. Mutha kudya masiku awiri osamva kanthu, tsiku lachitatu n'kudumpha. Dokotala amakulumitsani kapulasitiki pa nsonga iliyonse ya dzino payokhapayokha, n'kuyezanso kuya kwa nkhama kuzungulira dzinolo. Akapeza malo amodzi opapatiza koma ozama, ndiye kuti mwina mng'alu watsikira ku muzu. Ekisire nthawi zambiri sionetsa mng'alu. Crown imamanga dzino long'aluka pamodzi, ndipo nthawi zambiri ndiyo mankhwala ake. Koma mng'alu ukakhala kuti unafika kale ku mtsempha pamafunika root canal, ndipo ukatsika m'muzu mpaka kugawa dzino pakati, dzinolo limazulidwa. Izi zomalizazi sizichitikachitika.

Malo ena oyang'ana ndi m'mphepete, pamene crown imathera cha kunkhama. Nkhama ikabwerera m'mbuyo pang'ono, kaya chifukwa cha kaulusi kamene amakankhira nkhama poyeza dzino, kaya chifukwa chokhula ndi mswachi wolimba, pamatsala kamzere ka muzu poyera, ndipo muzu ulibe enamel. Nyowetsani kathonje m'madzi ozizira, mukhudze pamwamba pa crown, kenako m'mphepete. Likamva m'mphepete mokha, nkhani yake ndi yopepuka. Nthawi zina crown sinakhale mpaka pansi, kapena mphepete mwake mwatsala kampata. Malovu ndi shuga zimalowa, zotsekemera zimayamba kubaya, ndipo pakapita miyezi dzino limawola pansi pa crown mosaoneka. Simenti yotsalira pansi pa nkhama imaitupitsa, imafiira n'kumatuluka magazi potsuka. Ulusi wa m'mano umaulula zambiri. Uyenera kulowa pakati pa crown ndi dzino loyandikana mokakamira pang'ono. Ukamangodutsa popanda choletsa, ndiye kuti nyama ndi masamba zimatsakamira pamenepo n'kumapweteka nkhama, ululu umene ambiri amauyesa wa dzino. Ukamanyenyeka kapena kukodwa, pali simenti yotsala kapena mphepete yosasalala. Fungo loipa pamalopo, kapena crown kugwedera mukaikankha ndi lilime, ndiye kuti simenti yamasuka.

Nthawi zina wolakwa sakhala crown konse. Likhoza kukhala dzino loyandikana limene lili ndi kabowo kapena muzu poyera, poti madzi sasankha dzino limodzi. Okukuta mano usiku amadzuka nsagwada zili zolimba ndi mutu ukuwawa m'mbali, ndipo dzino longosemedwa kumene ndilo limayamba kudandaula. Chimathandiza ndi kapulasitiki kovala m'mano pogona, kopangidwa moyeza kamwa la mwiniwake. Amene crown yawo ili m'mwamba kumbuyo akumbukirenso chimfine chotseka mphuno, chimene chimawawitsa mano angapo pamodzi, makamaka powerama. Ndipo kwa owerenga amene dzino lawo linachotsedwa mtsempha lisanavekedwe crown, dzino lotero siliyenera kumva kuzizira. Likamva, ndiye kuti ndi loyandikana, kapena kanjira kena ka mtsempha kanatsala kosatsukidwa, zomwe zimachitikachitika pa mano otafunira am'mwamba.

Podikira kukaonana ndi dokotala, gulani mankhwala otsukira mano opangidwira mano omva kuzizira, monga Sensodyne kapena Colgate Sensitive, ndipo muwerenge kuseri kwa chubu. Potassium nitrate wa 5% amagonetsa mitsempha, pamene stannous fluoride ndi arginine zimatseka timachubu tija. Tsukani kawiri pa tsiku, mphindi 2, ndi mswachi wofewa. Mukatha lavulani koma musachukuche ndi madzi, apo ayi mwachotsa mankhwalawo asanagwire. Pogona tengani pang'ono pa nsonga ya chala, mupake m'mphepete mwa crown n'kusiya choncho. Amafuna masabata 2 mpaka 4 osadumphitsa, ndipo ambiri amataya mtima pa tsiku lachitatu. Koma dziwani malire ake: sadutsa crown kukafika mkati, amangogwira pamene dentini ili poyera. Masabata 4 akatha popanda kusintha, vuto lili pena.

Zowawasa ziyambe zapuma. Zakumwa zoziziritsa kukhosi, mandimu, malambe, bwemba ndi mango osapsa zili ndi asidi amene amatsegula timachubu tomwe mukuyesa kutseka. Mukadya zotere musathamangire mswachi. Chukuchani ndi madzi n'kudikira mphindi 30 mpaka ola. Makala, phulusa ndi soda zimapala muzu, ndipo mankhwala oyeretsa mano amawonjezera kubaya. Nzimbe, chimanga chokazinga, mafupa ndi kutsegula botolo ndi mano zisiyeni, ndipo zina mwa izi ndi bwino kuzisiyiratu pa dzino la crown. Madzi imwani osalowa mufiriji. Nkhama ikakhala yotupa, theka la supuni yaing'ono ya mchere mu kapu ya madzi ofunda, kuchukucha katatu pa tsiku, kumathandiza nkhamayo, koma sikufika ku mtsempha. Ndipo musasiye kutsuka dzinolo poopa kubaya, chifukwa zoyanga zikachuluka m'mphepete zimangowonjezera vuto.

Ululu ukakula, munthu wamkulu wopanda matenda ena atha kumwa Brufen, amene ndi ibuprofen, mamiligalamu 400 maola 8 alionse atadya kaye, kwa masiku 3 mpaka 5 basi. Panado ndi mamiligalamu 1,000 maola 6 alionse, osapitirira 4,000 pa tsiku, ndipo awiriwa amatha kumwedwa limodzi. Brufen si wa aliyense: a zilonda zam'mimba, a matenda a impso, amayi oyembekezera, omwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, ndi a mphumu imene imayamba akamwa aspirin asamwe, ndipo a BP afunse kaye. Ngati patatha masabata 7 mukufunikabe mapiritsi tsiku lililonse, chimenecho pachokha ndi chifukwa chopitira ku chipatala. Amoxicillin amene ambiri amathamangira kukagula sathandiza pa kubaya kotereku, ngakhalenso pa mtsempha wotupa. Amaperekedwa matenda akafalikira kunja kwa dzino, nkhope ikatupa kapena thupi likatentha, ndipo ngakhale pamenepo dzinolo limafunikabe kukonzedwa. Aspirin musaike pa dzino kapena pankhama, amawotcha n'kusiya chilonda choyera.

Tsiku lopita ku chipatala, ngati mungapirire, musamwe mankhwala a ululu m'mawa, chifukwa amabisa zimene dokotala akufuna kuyeza. Kuyeza kwabwino sikungoyang'ana ndi maso. Amapopera kathonje mankhwala ozizira kwambiri, cha m'ma madigiri 26 pansi pa ziro, n'kukhudza dzinolo ndi anzake angapo kuti ayerekeze, uku akuwerenga masekondi ngati mmene muchitire kunyumba. Amagogoda dzino ndi chitsulo, amakulumitsani, amayesa ndi kapepala kautoto kaja, amayendetsa kachitsulo kosongoka m'mphepete monse, amayeza nkhama, n'kujambula ekisire. Ekisireyo ili ndi malire ake. Sipenya kudutsa chitsulo kapena zirconia, imaonetsa mphepete za pakati pa mano ndi nsonga za mizu. Mtsempha wotupa suoneka pa ekisire, ndipo mthunzi wa kunsonga ya muzu umachedwa kuoneka. Choncho mukauzidwa kuti ekisire ili bwino, ndi nkhani yabwino, koma siyankha funso lonse.

Chithandizo chiyenera kuyambira pa zopepuka. Kalumidwe kakonzedwe kaye, simenti yotsala ichotsedwe. Muzu ukakhala poyera, dokotala amapaka vanishi wa fluoride wa 5%, amene ndi wamphamvu kwambiri kuposa wa m'mankhwala otsukira mano, kapena mankhwala otseka timachubu monga Gluma, kapena kukuta malowo ndi zomatira zopyapyala. Kenako mumapatsa dzino masabata 2 mpaka 4. Mphepete mukakhala mpata, kupaka zinthu pamwamba n'kungodzinamiza, crown imeneyo iyenera kupangidwanso. Crown yomatidwa bwino nthawi zambiri sichoka yathunthu, amachita kuidula, ndipo kuchotsako kumasautsanso mtsempha, n'chifukwa chake sitichotsa crown pongoyerekeza, popanda umboni woti vuto lili pa iyo.

Mnzanu uja sakunama kotheratu, koma wakokomeza. Mano ena ovekedwa crown mtsempha wake umafa, ena patatha miyezi, ena patatha zaka. Ku Oslo, m'dziko la Norway, Jakob Valderhaug ndi anzake anatsatira mano otere kwa zaka 25, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1997. Pa mano 100 alionse amene anali amoyo povekedwa, pafupifupi 98 anali bwino patatha zaka 5, 92 patatha zaka 10, ndi 83 patatha zaka 25. Akafukufuku ena anapeza otayika ochulukirapo, makamaka pa mano onyamula bridge, amene amagwirizira dzino loikirira pamene panazulidwa lina. Amene ali pangozi kwambiri ndi amene anali ndi bowo lakuya, zomata zazikulu kapena mng'alu, choncho lanu ndi lofunika kuliyang'anira, koma mano ambiri otere amakhalabe amoyo.

Zikafika pa root canal, sikuti crown imatayika nthawi zonse. Dokotala amabowola kabowo pamwamba pake, amachotsa mtsempha, amatsuka tinjira ta m'mizu, timene pa dzino lotafunira lam'munsi timakhala 3 kapena 4, n'kudzaza ndi zinthu zonga mphira zotchedwa gutta-percha, kenako kutseka kabowoko ndi zomatira zoyera. Zimatenga ulendo umodzi mpaka itatu, ndipo mumabayidwa jakisoni wa dzanzi. Porcelain nthawi zina imabenthuka pobowola, ndipo ngati mphepete munali kale mpata kapena pansi pawola, crown imachotsedwa n'kupanga ina. Ntchitoyi ikachitika bwino, mafinya asanaunjikane kunsonga ya muzu, pafupifupi mano 9 pa 10 amachira. Komabe sindingakulangizeni kuchotsa mtsempha chifukwa cha kubaya kwa masekondi ochepa kumene kukuchepa sabata ndi sabata, kalumidwe kasanakonzedwe n'komwe. Mtsempha ukachoka subwerera, ndipo ngati vuto linali kutalika kwa crown kapena dzino loyandikana, mudzalipira root canal ululu n'kutsalabe.

Msampha wina ndi uwu. Dzino likawawa kwambiri masiku angapo, usiku osagona, kenako n'kungosiya lokha osamvanso ngakhale madzi ozizira, ambiri amati lachira. Kawirikawiri limakhala kuti mtsempha wafa. Pakapita masabata kapena miyezi limayamba kuwawa mukaligogoda, kapena pankhama pamatuluka kachithupsa kotulutsa mafinya. Dzino limene likuchiradi limachepetsa kubaya pang'onopang'ono, koma limamvabe kuzizira ngati anzake.

Musadikire tsiku limene munapangana ndi dokotala ngati ululu ukukudzutsani usiku, ukutsalira kupitirira masekondi 30, ukubwera ndi zotentha, kapena crown yagwedera kapena yagwa. Pitani pasanathe masiku awiri, ndipo crown yagwayo muitenge, musaimate nokha ndi guluu. Tsaya kapena pansi pa chibwano pakatupa, thupi likatentha, kamwa likamakanika kutseguka, kumeza kapena kupuma kukamavuta, kapena kutupa kukamalowera kudiso, pitani nthawi yomweyo ngakhale ndi usiku, ku Kamuzu Central Hospital kapena chipatala chilichonse chapafupi. Matenda ochokera m'mano am'munsi amatha kutsikira kukhosi n'kutseka njira ya mpweya. A matenda a shuga ndi amene chitetezo cha m'thupi chili chotsika asazengereze ngakhale kutupako kukhale kochepa.

Za ndalama, yambani ndi dokotala amene anaika crown, chifukwa ndiye akudziwa mmene dzino linalili mkati asanalitseke, ndipo zipatala zambiri sizilipiritsa kukonza kalumidwe ka crown imene zaika kumene. Funsani mosapsatira kuti ikapezeka ndi mpata m'mphepete, kupanganso kwake alipira ndani. Mukabwerera n'kuuzidwanso kuti mudikire popanda kuyeza chilichonse mwa zimene tatchulazi, muli ndi ufulu wokaonana ndi dokotala wina. Popita kumeneko tengani ekisire imene anajambula asanaseme dzino, ngakhale yongoijambula ndi foni pa kompyuta yawo, mufunsenso kuti crown ndi ya mtundu wanji, anamata ndi simenti yanji, ndiponso bowo linafika pafupi bwanji ndi mtsempha. Amene anaveketsa crown kunja, monga ku Johannesburg kapena ku India, aitanitse zomwezi pa WhatsApp kapena pa imelo asanakaonane ndi dokotala wa kuno.